Sikelo siidziwa soya, imangomva kukoka

Anzanga a Fomu 2, ndi inu a Fomu 1 amene mukubwera pambuyo pathu, taimani pang'ono pabolodi pano belu lisanalire. Ndili ndi mlandu ndi mawu amodzi a Chichewa, mawu akuti kulemera. Anandidyetsa ziro pa funso lina la Fizikisi teremu yatha, ndipo ndikuwaganizira kuti akhala akutidyetsa ndalama kumsika kwa zaka zambiri.

Funso lake linali looneka lophweka, moti ndinayamba kumwetulira ndisanamalize kuliwerenga. Ankafuna weight ya mwana amene mass yake ndi makilogalamu 45. Ine mumtima ndinati awa akutiyesa ana a mkaka. Ndinalemba 45 kg, n'kuthamangira funso lina. Pepala litabwera ndinapeza mtanda wofiira, waukulu ngati wa pamwamba pa tchalitchi. Yankho lolondola akuti linali ma newton 450.

Ndinakwiya, sindinama. Kuyambira ndili wakhanda amayi ankapita nane ku sikelo mwezi ndi mwezi. Azaumoyo ankandiveka kakabudula ka zingwe kaja n'kundikoleka pa nthambi, ine ndikulira, iwo akulemba makilogalamu m'kabuku. (Ife a kwa Kabudula tikamaona kakabudula kameneka timangoti ndi kathu komwe.) Palibe tsiku limene anawauza amayi kuti mwana wanu wafika ma newton 80. Ndiye ndinapita kwa aphunzitsi kukadandaula. Iwo sanandibwezere malikisi anga. Anangondifunsa kuti, "Ukamalendewera pa sikelo ija, imamva chiyani? Imakuwerenga mafupa?" Basi, n'kundiuza kuti ndizipita.

Funso limeneli ndinayenda nalo panjinga masiku angapo, kupita ndi kubwera. Zimene ndinapeza ndizilemba m'Chichewa, chifukwa m'Chingerezi tonse timazitha kale kuloweza ngati katekisimu, koma wina akati fotokoza timayang'ana kudenga.

Tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50. Pali zinthu zitatu pamenepo, ndipo ife zonsezi timangozitcha kulemera.

Mass ndi chimangacho, njere zonse zimene zili m'thumbamo. Mulinyamule thumbalo kupita nalo ku Nambuma, ku Namitete kapena ku Johannesburg, njere ndi zomwezo, ufa umene mungagayitse ndi womwewo. Mass imasintha pokhapokha wina atapungulako, anankafumbwe atalowamo, kapena chimanga chitauma madzi n'kuchokamo. Imeneyi ndiye timayeza m'makilogalamu.

Gravity si ya thumba ayi, ndi kukoka kwa dziko. Mango akapsa sapita m'mwamba. Isaac Newton wa ku England, m'buku lake la mu 1687, anaonetsa kuti chinthu chilichonse chokhala ndi mass chimakoka chinzake, ndiponso kuti mphamvu imene imagwetsa chipatso ndi yomweyo imene imagwira mwezi kuti uzizungulira dziko osathawa. Inu ndi desiki yanu mumakokananso, kungoti ndinu ochepa kwambiri moti simungamve. Dziko ndi lalikulu, ndiye kukoka kwake kumamveka. Kilogalamu iliyonse pano imakokedwa ndi ma newton pafupifupi 9.8, ndipo pa mayeso amatilola kungoti 10.

Weight tsono ndi pamene ziwirizi zakumana. Ndi mphamvu imene dziko likukokera thumba lenilenilo. Makilogalamu 50 kuchulukitsa ndi 10, ma newton 500. Mukasenza thumba, chimene khosi lanu likudandaula nacho ndi chimenechi.

M'buku amakonda kutitengera kumwezi, ndiye tiyeni tipite pang'ono. Mwezi ndi waung'ono poyerekeza ndi dziko, ndipo umakoka kilogalamu iliyonse ndi ma newton pafupifupi 1.6 basi. Thumba lathu lija kumeneko weight yake ingakhale ma newton 80, ngati kusenza makilogalamu 8 kuno. Mng'ono wanga wa Sitandade 3 akhoza kulinyamula akuimba nyimbo. Koma nsima yake sichepa, mitanda ndi yomweyo. Ndipo mutalimenya theche thumbalo muli kumweziko, chala chithyoka ndithu, chifukwa mass ndi imenenso imapangitsa chinthu kukana kusunthidwa ndi kukana kuimitsidwa. Amene munakankhapo ngolo yodzaza njerwa pamalo osalala mukudziwa. Simukuinyamula, matayala ndi amene anyamula, koma kuti iyambe kuyenda mumatuluka thukuta, ndipo ikayamba kuyenda kuiimitsa ndi nkhani inanso.

Nditamufotokozera zimenezi mnzanga amene timakhala desiki imodzi, anandiyang'ana n'kuti, "Aise, ndani wa kwa Kabudula adzapite kumwezi? Enafe ngakhale ku Kanengo sitinafikeko." Iyeyu akuti akangolemba JCE, Fizikisi aitsanzika, ku Fomu 3 sakaitenga.

Pena akunena zoona, ndipo ndisabise. Pa dziko lapansi pano gravity simasiyana kwenikweni. Kufupi ndi ikweta ndi 9.78, ku malekezero a dziko kozizira kuja ndi 9.83. Mutatenga thumba la makilogalamu 50 ndi sikelo yake kuchoka ku ikweta mpaka ku North Pole, muvi ungasunthe ndi kota ya kilogalamu yokha. Mutakwera nalo pa Sapitwa ku Mulanje, mamita 3,002, kusiyana kwake sikungakwane kapu ya chimanga. Pakati pa Nsaru ndi Kanengo ndiye musatchule n'komwe. N'chifukwa chake opanga masikelo amangolembapo makilogalamu, ndipo zimayenda. Azaumoyo aja sanalakwe. Choncho musapite kunyumba kukawakonza agogo kuti asamati thumba likulemera makilogalamu 50, mungadzagone ndi njala.

Koma mnzangayu akuphonya chinthu chimodzi, ndipo chinthu chake ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Nkhani siili kumwezi. Ili pa funso la aphunzitsi lija: sikelo imamva chiyani?

Sikelo yokoleka, imene mavenda amamangirira pa mtengo nthawi yokolola, m'kati mwake muli sipuling'i. Sipuling'i ilibe maso. Siidziwa kuti mwaikolekera soya, mtedza, mwana kapena mwala. Imangomva kukoka, n'kutamuka. Robert Hooke, wa nthawi imodzi ndi Newton, ndi amene anaonetsa kuti sipuling'i ukaikoka ndi mphamvu yowirikiza imatamukanso mowirikiza, bola usaipyoletse muyezo. Ndiye muvi umayenda motsatira kutamukako, ndipo manambala analembapo ndi a makilogalamu. Kunena kwina, sikeloyo imayeza kukoka, kenako n'kutiuza mass mongoganizira kuti zonse zili bwino. Za manambala owala zija, za mabatire, nazonso ndi chimodzimodzi, zimamva kukoka basi. Ife timagulitsa mass, iwo amayeza kukoka. Pakati pa ziwirizi pali mpata, ndipo mu mpata umenewu mukhoza kudutsa ndalama.

Mwezi wa Meyi chaka chatha, ndili Fomu 1, ndinaperekeza amayi kukagulitsa soya matumba awiri. Tinakankha panjinga kuchoka kunyumba mbandakucha. Ndalama yake inali ndi ntchito kale: nsapato zanga, makope, ndi tayala lakumbuyo la njinga yomweyo. Venda anakoleka thumba loyamba, akuti 44. Lachiwiri 43. Amayi anati, "Achimwene, matumba amenewa ndasoka ndekha, adzaza mpaka kukamwa, 43 yachokera kuti?" Iye anati, "Mayi, sikelo sinama. Onani nokha." Tinaona tokha, muvi unalidi pa 43. Kenako anadulanso kilogalamu imodzi pa thumba lililonse, akuti ndi ya thumba. Amayi analandira ndalama, anaimanga pansonga ya chitenje, ndipo njira yonse yobwerera sanayankhule. Nsapato sizinagulidwe mwezi umenewo.

Tsiku limenelo ndinaona zinthu ziwiri koma sindinazimve. Sikelo anaimangirira m'munsi, moti ngodya imodzi ya thumba inkakhudza pansi. Ndipo poyeza, venda anatsamiritsa bondo ku thumbalo. Ine ndinkati akuligwirira kuti lisamazungulire. Patapita miyezi, ndili panjinga ndi funso la aphunzitsi m'mutu, ndi pamene ndinakumbukira bondo lija, mpaka ndinatsika njinga. Soya anali yemweyo. Dziko linkakoka thumba ndi mphamvu yomweyo. Koma nthaka inanyamulako gawo, bondo linanyamulako gawo, sipuling'i n'kulandira zotsala. Muvi unanena zoona pa zimene unamva. Kungoti sunamve zonse.

Sindingalumbire kuti bamboyo anachita dala, ndipo sindingadziwe kuti tinataya makilogalamu angati, chifukwa kunyumba tilibe sikelo. Thumba kudzaza si umboni. Thumba lodzaza mtedza wa makoko ndi thumba lodzaza chimanga amaoneka ofanana koma mass yawo ndi yosiyana kutali. Chimene ndikudziwa n'chakuti tinalibe funso loti timufunse. Atati sikelo sinama, ife mawu anatithera. Za kilogalamu ya thumba zija ndiye zimandipwetekabe. Tanyamulani thumba lopanda kanthu dzanja ili, paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi dzanja linali, mundiuze ngati zikufanana. Silifika ngakhale theka.

Palinso njira ina imene siifuna bondo. Masikelo ambiri okoleka ali ndi kotembenuza kobwezera muvi pa ziro. Munthu akaubweza muvi kuti uyambire kumbuyo kwa ziro, katundu aliyense amene angakoleke tsiku limenelo amaperewera ndi muyezo womwewo. Ndiye musanakweze thumba, yang'anani muvi sikelo ili yopanda kanthu. Ndi ntchito ya masekondi awiri.

Sikelo ya mbale ziwiri, imene mbali ina amaika katundu mbali ina miyala yachitsulo yolembedwa manambala, imagwira ntchito mwa mtundu wina. Iyo imafanizira. Dziko likukoka mbali zonse ziwiri mofanana, ndiye mtanda ukaima mowongoka ndiye kuti mass ya katundu yafanana ndi mass ya mwala. Imeneyi ngakhale kumwezi ingakupatseni yankho lomwelo. Koma nayonso imadalira kuti mwalawo ukhale woona. Dziko lonse lapansi linkadalira mwala umodzi wotere: kuyambira 1889 mpaka 2019, kilogalamu yeniyeni inali kachitsulo kosungidwa mosamala kwambiri ku Sèvres, kufupi ndi Paris, ndipo miyala ya maiko onse inkafaniziridwa ndi kameneko. Kuno kwathu ntchito yoyesa masikelo a malonda ndi ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo sikelo imene ayesa amaiika chizindikiro. Muli ndi ufulu wofunsa kuti chizindikirocho chili pati. Koma nthawi yokolola masikelo amakhala pa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu, ndipo chizindikiro sichiletsa bondo. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka, makolo athu n'kumamvera pa wailesi mwachidwi kuti kilogalamu ya soya ili pa zingati. Nanga mtengo wa kilogalamu uthandiza chiyani ngati kilogalamuyo yaonda?

Apa ndi pamene Fizikisi inandipatsa mwala wanga, ndipo mwala wake ndi waulere. Lita imodzi ya madzi mass yake ndi kilogalamu imodzi. Si mwangozi ayi, Afalansa poyambitsa kilogalamu m'zaka za m'ma 1790 anatengera madzi omwewa. Ndiye chigubu cha malita 5 chodzaza madzi ndi makilogalamu 5 ndi kanthu pang'ono ka chigubucho. Cha malita 20 ndi makilogalamu 20, kuphatikizapo chigubu chimene pachokha chimakhala cha m'ma kilogalamu imodzi. Samalani pothira, chifukwa zigubu zambiri zimakhala ndi mpata pamwamba, mukadzazitsa mpaka pachivindikiro mupyola. Bola kuthira ndi botolo la lita imodzi lodziwika bwino, n'kulemba mzere pamene madzi alekezera. Ndipo gwiritsani chachikulu. Paketi ya shuga pa sikelo ya makilogalamu 100 muvi umangogwedezeka pang'ono, simungaone kanthu.

Mu Novembala amayi anati akagulitse mtedza umene anasunga, woswa kale, kuti apeze ya feteleza. Ndinawapempha kuti nditenge chigubu cha malita 20 chopanda kanthu. Anandiseka, koma anandilola. Titafika ndinakatunga pa mjigo wa pafupi mpaka pa mzere wanga. Venda woyamba nditamupempha kuti ndikoleke chigubu, anati, "Iwe mwana, mwabwera kudzagulitsa madzi? Ndiwe wa boma?" Anthu anaseka, ine manyazi mpaka m'makutu. Ndinkafuna nthaka itseguke. Koma amayi anangoti, "Tiye," n'kukankha njinga. Wachiwiri anali bambo wachikulire. Anati, "Koleka, mwana wanga, tione limodzi." Muvi unaima pa 21. Amayi anagulitsa pamenepo, ngakhale mtengo wake pa kilogalamu unali wotsikirapo pang'ono kuyerekeza ndi umene woyamba uja ankakuwa. Thumba linalendewera lokha, ine nditaima pafupi kuyang'ana pansi pake ngati ndataya ndalama. Pobwerera anandigulira mandasi awiri. Kodi woyamba uja sikelo yake inali yolakwika? Kaya. Mwina anangonyansidwa kufunsidwa ndi mwana wa sukulu. Koma mtedza wathu sanauone.

Tsopano ndinene za ife, chifukwa mukandisiya ndidzudzule mavenda okha ndikhala wabodza. Tonse timadziwa zimene zimachitika m'makomo ena usiku woti mawa ndi tsiku la msika. Soya amawazidwa madzi. Pansi pa thumba pamalowa mchenga. Za miyala ndi zinyalala m'mabelo a fodya, amene amakabwezedwa ku okushoni ku Kanengo, si nkhani yachilendo kwa ife ana a alimi a fodya. Pamenepo sikelo sinalakwe chilichonse. Mass yawonjezekadi, kungoti si ya soya. Venda akapsa kamodzi, amayamba kudula aliyense, ngakhale amayi anga amene amayanika soya wawo mpaka kulira polumidwa. Ndiye wobera winayo akuba kwa mnansi wake, osati kwa venda. Kumbali ina, mbewu ikauma imatayadi mass chifukwa madzi achoka, choncho thumba limene linali 50 pokolola likadzakhala lopepukirapo patapita miyezi, musathamangire kunena kuti mwalodzedwa. Za ndowa sindilowako kwambiri. Ndowa siiyeza mass kapena weight, imayeza malo basi, ndipo ndowa yogulira ndi yogulitsira tonse tinaona kuti sizibadwa mofanana.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Aphunzitsi anachita bwino kundipatsa ziro. Akanandichitira chifundo, bwenzi mpaka lero ndikuganiza kuti nambala ya pa sikelo ndi chimanga chenichenicho. Koma ndikupempha kuti mutu umenewu tisamauyambire kumwezi. Tiziuyambira pa mtengo wa venda, m'Chichewa, mpaka aliyense atha kufotokoza ndi pakamwa pake chifukwa chimene bondo limatsitsira muvi. Chingerezi chibwere pambuyo, pokonzekera MANEB. Timakonda kudandaula kuti tilibe labotale ngati anzathu a sukulu zogonera konko, ndipo n'zoona tilibe. Koma pa mutu uwu wokha labotale yake ndi chingwe, nthambi ndi madzi a pa mjigo. Kwa inu amene mukuti Fizikisi ndi ya ofuna kukhala madokotala ndi mainjiniya, ndikufunseni: m'kalasi mwathu muno ndi angati amene makolo awo sagulitsa mbewu pa sikelo? Kwezani manja ndikuoneni. Ambirife, kaya tidzakhoza kaya ayi, tidzaima pansi pa mtengo umenewu ndi thumba lathu, ndipo wina adzatiuza kuti sikelo sinama.

Soya wa chaka chino wayamba kale kuchita maluwa. Ndapempha aphunzitsi ndipo avomera kuti Lachisanu likudzali tikaweruka tikumane pa mtengo wa mango kuseli kwa kalasi ya Fomu 1. Amene kwanu kuli sikelo yokoleka, ya fodya kapena ya nyama, pemphani bwinobwino mubwere nayo, osaitenga mozemba. Tikufuna zitatu kapena zinayi kuti tione ngati zingagwirizane pa chigubu chimodzi. Chingwe ndi chigubu ndibweretsa ine, wina abwere ndi botolo la lita imodzi. Mnzanga wa desiki uja wavomera kukhala venda, akuti bondo ali nalo kale.